Mlandu wa Pakati pa Nyanja

Munthu akaberedwa kapena kupwetekedwa pamudzi, adziwa bwalo lokadandaulako, pakuti dziko liri lonse liri ndi mwini wace. Nanga iye amene acitidwa coipa pakati pa nyanja yamcere, kumene kulibe mfumu kapena malire, adzalirira yani?

Ziripo sitima zazikulu zapamadzi zimene nchito yace ndiyo kuyendetsa anthu ofuna kupumula ndi kuona maiko. Zina zinyamula anthu oposa 5,000, ndipo m'katimo muli modyera, momwera mowa ndi mobvinira, monga m'tauni. Koma tauni imeneyi iribe polisi. Alonda ace alembedwa ndi eni sitima, nalandira malipiro kwa iwo omwewo.

Pangano la maiko la 1982 linena kuti nyanja ya dziko ilekeza pa mamailosi a panyanja 12 kucokera kugombe. Kupitirira apo, sitima iweruzidwa ndi malamulo a dziko limene mbendera yace ikupiza pa sitimayo. Tsono mbenderayo aisankha ndi eni sitima, ndipo ambiri alembetsa ku Bahamas, ku Panama kapena ku Malta, kumene msonkho ngwocepa. Apa mpamene pagona nkhani. Kodi nkoyenera kuti munthu amene mawa angazengedwe mlandu adzisankhire yekha bwalo?

M'caka ca 2011 mtsikana wa ku England, wanchito pa sitima ya Disney Wonder, anasowa sitimayo iri kufupi ndi Mexico. Popeza mbendera inali ya Bahamas, dzikolo linatumiza wapolisi mmodzi yekha kukafufuza pakati pa anthu zikwi. Kufikira lero mtsikanayo sanaoneke.

Akulu amati mlandu suola, koma panyanja uola msanga. Cipinda cikolopedwa, ulendo utha, mboni zibalalika yense kwao. Ena ati eni sitima sangalekerere zoipa, cifukwa mbiri yoipa ithawitsa okwera. Mau awa ali ndi nzeru ndithu, koma mantha omwewo a mbiri yoipa ndiwo aphunzitsa munthu kubisa.

Mu 2010 America inaika lamulo lakuti mpanda wa m'mphepete mwa sitima utalike mainchesi 42, citseko ca wokwera ali yense cikhale ndi kaboo kosuzumirapo, ndi kuti milandu yaikulu inenedwe kwa apolisi a FBI. Lamuloli ligwira sitima zokweza kapena kutsitsa anthu pa madoko a America. Wokwerera ku Durban ndi kutsikira komweko silimfika.