Mlonda wa Mlengalenga ndi Udindo Wonena kuti Ayi

Anthu a ku Waterfalls, kumwera kwa mzinda wa Harare, amakhala kufupi ndi bwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe. Ambiri mwa iwo sakwera ndegezo ndipo sanafunsidwepo ngati akuvomera kuti zizidutsa pafupi ndi madenga awo. Ngakhale wogula tikiti sangathe kuyeza injini kapena kudziwa ngati woyendetsa wapuma mokwanira. Onsewa amaika moyo wawo m'manja mwa mlonda amene samuona, bungwe la Civil Aviation Authority of Zimbabwe, lomwe linayamba ntchito mu 1999. Bungweli limapereka ziphaso kwa oyendetsa ndege, limayendera ndege ndi mabwalo, ndipo limatsata miyezo yochokera ku pangano la ku Chicago la mu 1944.

Funso ndi lakuti: kodi mlonda wotere angaweruze mlandu umene iye mwini ali nawo mbali? Pa 3 November 2009 ndege ya Air Zimbabwe ya mtundu wa MA60 inagunda njiri pamene inkathamanga kuti inyamuke pabwaloli. Palibe amene anafa. Komabe nthawiyo bungwe lomwe linkayendetsa bwalolo ndi lomwenso linkayenera kudzudzula woliyendetsa. Ofufuza chifukwa chimene nyama zinalowera anali a nyumba imodzi ndi osamala mpanda. Mu 2020 ntchito yoyendetsa mabwalo inapatsidwa kwa Airports Company of Zimbabwe, ndipo bungwe lija linatsala ndi kuyang'anira.

Vutoli si la maiko osauka okha. Ku America, bungwe la FAA linasiyira antchito a Boeing mbali ya ntchito yoyeza ndege ya 737 MAX, ndipo ngozi ziwiri za mu 2018 ndi 2019 zinapha anthu 346.

Ena angatsutse kuti kuimitsa ndege kumapha malonda ndi kuchititsa dziko manyazi, makamaka ngati kampaniyo ndi ya boma lomwe linakhazikitsa mlondayo. Mfundoyi ili ndi mphamvu, pakuti ndege yosauluka imadyetsa njala mabanja. Koma manyazi amene mlonda wa pakhomo wawazemba amadzabwera ndi alendo: mu 2017 bungwe la European Union linaletsa Air Zimbabwe kuuluka m'maiko ake. Akale anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Choncho kugawa mabungwe nkofunika, koma pakokha sikukwanira. Lamulo lingapereke mphamvu yokana, koma wokana ndi munthu, woyendera ndege amene sasaina chikalata ngakhale akulu akum'fulumiza. Ntchito yake ilibe nthungululu, chifukwa ngozi yopewedwa siiwerengedwa pamaliro kapena m'nyuzipepala. Mangawa ake aakulu ali kwa anthu amene alibe mpando pamsonkhano uliwonse wa zandege, monga mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu ku Waterfalls, amene satukula nkomwe mutu ndege ikamadutsa.