Kodi Ululu wa Singano Umphunzitsa Chiyani Mwana?

Pakati pa anthu opembedza sipalephera kupezeka ena amene, pokumbukira kuti Yobu anayesedwa ndi zilonda, amakhulupirira kuti ululu uliwonse ndi mphunzitsi wotumidwa ndi Chauta, kotero kuti kamwana kakalira pobayidwa jakisoni amakadzudzula kuti kalimbe mtima, poti mwamuna salira.

Mtsutso umenewu ngwakalekale. M'chaka cha 1847, pamene dokotala James Young Simpson wa ku Edinburgh anayamba kununkhiza amayi mankhwala a chloroform kuti achire osamva zowawa, analemba kabuku koyankha iwo amene ankati akufafaniza chilango cha Hava. Ndipo anawakumbutsa kuti Mlengi mwini, asanatenge nthiti ya Adamu, anayamba wamgoneka tulo tatikulu.

Lero nkhaniyi yafika pa kanthu kakang'ono, ndiko mankhwala opaka monga EMLA, amene anapangidwa ndi kampani ya Astra ku Sweden posakaniza lidocaine ndi prilocaine. Namwino amawapaka pamalo pobaya, naphimbapo ndi pulasitala, nadikira ngati ola lathunthu, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo khungu likachita dzanzi, mitsempha ileka kutumiza uthenga wa ululu, singano nilowa mwanayo osamva kwambiri kulasa kwake.

Wina adzati, kulasa kwa kamphindi kuli ndi kanthu kodi? Mu 1997 Anna Taddio ndi anzake ku Toronto anaonetsa kuti makanda aamuna amene anadulidwa popanda mankhwala oletsa ululu ankalira koposa anzawo polandira katemera patapita miyezi, ngakhale kuti nzeru zokumbukira tsikulo analibe. Chimene ululuwo unawaphunzitsa ndi mantha basi, mantha amene amakula ndi munthu kufikira, ali ndi ndevu kale, azemba chipatala nthenda ili kumudya.

Nzoona kuti Ambuye Yesu, monga asimba Marko, anakana vinyo wosakaniza ndi mure pa Gologota. Koma anakana pa thupi lake la iye mwini, podziwa chimene anali kusenza. Ndipo m'Mauthenga onse anayi sitiwerenga kuti wodwala wina anabwezedwa kuti akapirire kaye. Kupirira kumene munthu wamkulu akusankha yekha nkolemekezeka, koma khanda la milungu isanu ndi umodzi silinasankhe kanthu.

Mankhwala opaka aja ndi odula, ndipo bungwe la WHO mu 2015, ngakhale linavomereza kuti amagwira ntchito, silinalangize maiko kuti awagwiritse ntchito pa katemera wa ana onse, chifukwa cha mtengo ndi nthawi yodikira. Linalangiza zimene mayi aliyense ali nazo pa sikelo: kumfungatira mwana ndi kumuyamwitsa pamene akubayidwa. Inu anamwino, musamkanize mayi kutero, ndipo inu abusa, lekani kutcha kulira kwa khanda kusowa chikhulupiriro kwa amake.