Za Kuphunzira Kusunga Nkhalamba Zoiwala

Mwezi uno tiwerenge Yesaya 46:4. Pamenepo Mulungu alonjeza anthu ace kuti sadzawasiya pokalamba iwo, koma adzawanyamula ngakhale mutu utadzala imvi. Nanga adzawanyamula ndi manja a yani? Si manja athu kodi? Koma manja osaphunzira agwetsa mtolo, ngakhale mtima uli ndi cikondi.

M'mudzi wina kumene ndiphunzitsa munali mai wokalamba, Mkristu wa kale, amene anayamba kuiwala. Poyamba anaiwala pamene anaika cipande, pambuyo pace maina a adzukulu ace, ndipo potsiriza njira ya ku nyumba yace. Tsiku lina mbanda kuca anampeza patsinde pa nkhokwe ya eni, wopanda nsaru, ndipo anthu anapfuula, nati, Mfiti yagwa m'licero! Inenso ndibvomera kulakwa kwanga, pakuti ndidamdzudzula pamaso pa anzace cifukwa ca kusokoneza mau a pemphero. Namwino wa ku cipatala, amene adaphunzira za nthenda iyi, ndiye anatitsegula maso tonse.

Nthendayi madotolo aicha dementia. Siiri ufiti, siiri cilango, ndiponso siigwira wokalamba ali yense. Iri nthenda ya ubongo. M'caka ca 1906 dotolo wa ku Germany, dzina lace Alois Alzheimer, anapima ubongo wa mai wina amene adamwalira woiwala cotero, napeza kuti unaonongeka. Cifukwa cace mtundu umodzi wa nthendayi uchedwa ndi dzina lace. Mtundu wina ucokera ku mitsempha ya mwazi yotsekeka kapena yophulika m'mutu. Bungwe la World Health Organization linawerenga kuti odwala otere aposa 55 miliyoni pa dziko lonse, ndipo oposa theka akhala m'maiko osalemera. M'caka ca 2017 maiko anapangana kuti anchito a zaumoyo aziphunzitsidwa kusunga odwala awa.

Nanga aphunzira ciani? Coyamba aphunzira kusiyanitsa. Nkhalamba ikasokonezeka mutu dzidzidzi, pa tsiku limodzi kapena awiri, kapena ndi malungo, kapena nthenda ya m'cikhodzodzo, kapena kusowa madzi m'thupi. Izi zicizika, ndipo muthamange nayo ku cipatala. Koma dementia idza pang'ono pang'ono, miyezi ndi zaka. Mankhwala akuiciza sanapezeke, koma kusunga kwabwino kucepetsa masautso ace.

Caciwiri aphunzira kulankhula. Namwino afika kwa wodwala podzera kumaso, si kumbuyo ai. Akhala pansi, nachula dzina lace la ulemu, nafunsa funso limodzi, nadikira. Mai akafuna mwamuna wace amene adamwalira kale, satsutsana naye, pakuti kumuuza za maliro tsiku ndi tsiku ndiko kumliritsa maliro atsopano tsiku ndi tsiku. Koma anena, Agogo, tandiuzani za iwo. Ndipo mtima ukhala pansi.

Cacitatu aphunzira kufuna cifukwa ca ukali. Wodwala akakana kusamba, kapena akamenya, kawiri kawiri pali dzino lowawa, kapena njala, kapena mantha, zimene sakhoza kuzinena. Ambiri abvutika dzuwa likamalowa. Cotero nkwabwino kuyatsa nyali msanga, kusasuntha mphasa ndi ziwiya pa malo pace, ndi kuwapatsa nchito yozolowereka, monga kutongola cimanga. Nyimbo za ubwana wao zikhalitsa mumtima maina atacoka kale. Mphunzitsi wina wa ku Bradford ku England, Tom Kitwood, anaphunzitsa anamwino kuti ayambe aona munthu, ndi pambuyo pace nthenda. Ife tidziwa cifukwa cace: cifanizo ca Mulungu sicifafanizika ndi kuiwala.

Tsono ticitenji ife a m'midzi? Tiitane azaumoyo adzaphunzitse pa misonkhano ya akulu a Eklesia ndi ya amai. Ana athu ofuna unamwino tiwalimbitse mtima, asayese nchito ya kusunga nkhalamba yonyozeka. Tisinthane naye mwana wamkazi amene asunga amace usana ndi usiku, kuti apume, napite ku munda. Pakuti wosunga akagwa, agwa awiri. Ndipo tileke kucha wodwala mfiti. Ngakhale lamulo la boma la Nyasaland la 1911 lidaletsa kunenera munthu ufiti.

Mai uja anakhala nafe zaka zina. Sanandizindikiranso, koma pakuyimba ife nyimbo iye anayimba nafe kufikira imfa yace. Abale, imvi zirinkudza kwa ife tonse. Tiphunzire lero kunyamula, kuti mawa apezeke otinyamula. Ambuye atithangate. Amen.