Adzukulu Anga, Mtsinje Umodzi Sungatisenze Tonse

Adzukulu anga, inu amene mukuphunzira za magetsi, za malamulo ndi za chuma, senderani kuno tikambirane za mtsinje wa Shire. Mawa ndinu amene mudzakhale m'maofesi a ESCOM, EGENCO, MERA ndi m'Nyumba ya Malamulo. Alendo adzabwera kudzakuyamikirani kuti magetsi a dziko lanu ndi aukhondo poti ambiri amachokera kumadzi, osati kumalasha, ndipo adzakhala akunena zoona. Koma mawuwo akadzakukomerani m'khutu, mudzakumbukire kuti magetsi akhoza kukhala aukhondo koma osadalirika. A msinkhu wanga taona zimenezi kangapo.

Yambani mwayang'ana mapu. Nkula, kumene makina oyamba anayamba kupukusa magetsi mu 1966, ali pa Shire. Tedzani ali pa Shire. Kapichira ali pa Shire. Onsewa andandana m'chigawo chimodzi cha mathithi, pamene mtsinje ukutsetsereka kuchoka ku Matope kulowera ku Chikwawa. Madzi amene azunguza makina a ku Nkula ndi omwewo amakazunguza a ku Tedzani, n'kukamalizira ku Kapichira. Amene anaganiza zimenezi anali ochenjera, pakuti madzi amodzi akugwira ntchito katatu. Koma vuto likagwa kumtunda, malo onse atatu amadwalira limodzi. Kunja kwa Shire kuli Wovwe ku Karonga, wa mamegawati 4.5 okha, ndi timalo tina ting'onoting'ono.

Shire nayenso amadalira nyanja. Kapena kusukulu anakudumphitsani tsamba limeneli: kuyambira cha m'ma 1915 kufikira cha m'ma 1935, madzi a m'nyanja ya Malawi anatsika mpaka anasiya kutulukira mu Shire, mchenga ndi zomera n'kutseka njira. Zaka 20 zathunthu. Nthawi imeneyo palibe amene anadandaula za magetsi chifukwa kunalibe makina oti ayime. Lero zitachitikanso, zipatala, mipopi ya madzi a m'tauni, zigayo ndi mafakitale angakhale chete tsiku limodzi. Zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde, zomangidwa mu 1965, zimathandiza kusunga madzi ndi kuwatulutsa mwa muyezo, koma sizingalenge madzi pamene mvula yakana. Mu 2016 ndi 2017 tinalawako pang'ono: nyanja inatsika, magetsi ankathima tsiku lonse m'madera ambiri, ndipo dziko linathamangira kukabwereka majenereta a dizilo, amene magetsi ake ndi okwera mtengo koposa ndipo utsi wake ndi womwewo timati tikuthawa.

Chilala chikapita, madzi ochuluka nawo ali ndi mlandu wake. Walira mvula walira matope. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, ndipo usiku umodzi dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, limodzi mwa magawo atatu a magetsi ochokera m'madzi amene tinali nawo. Makinawo anadzabwerera mu 2023, patatha chaka ndi miyezi. M'Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anakokolola mitengo, matope ndi zinyalala n'kuziunjika pakhomo pa makina a ku Nkula ndi ku Tedzani, mpaka anawazimitsa powopa kuti angaonongeke. Onani tsono, ng'amba imatithimitsira magetsi, chigumula chimatithimitsiranso. Kusintha kwa nyengo kumene mumamva pa wailesi, kwa ife kumafikira pamenepa.

Tsopano tembenukirani kwa abale athu a ku Zambia, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Mu 2024 chilala cha El Niño chinaphwetsa nyanja ya Kariba. Mtsogoleri wawo Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lagwa m'ngozi kumapeto kwa Febuluwale. Pofika Seputembala, malo opukusira magetsi a mbali ya Zambia, a mamegawati 1,080, anali atatsala ndi makina amodzi mwa asanu ndi amodzi, ndipo mabanja ambiri ankaona magetsi maola atatu okha patsiku. Owotcherera zitsulo, ometa, ogulitsa nyama ndi nsomba za m'firiji, onsewo malonda awo analowa pansi. Zambia ili ndi magetsi ochuluka kuposa ife kutalitali, koma nayonso inayika mtima wonse pa madzi.

Chodabwitsa n'chakuti chaka chomwecho, pamene Kariba inkaphwa ndipo chimanga chinkauma m'minda ya kummwera kwa dziko lathu, nyanja ya Malawi inadzaza mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota. Chifukwa chake n'chakuti madzi ambiri a nyanjayi amachokera kumpoto, m'mitsinje monga Ruhuhu wa ku Tanzania, Songwe ndi Rukuru, ndipo El Niño amene amaumitsa kummwera kwa Africa amakonda kuvumbitsa mvula yambiri kummawa kwa Africa. Mfundo imeneyi muisunge bwino. Chilala sichigwa ponseponse nthawi imodzi. Pamene kwina kwauma, kwina madzi akusefukira, ndipo chimene chimasowa ndi nthambo yonyamula magetsi kuchoka kumene aliko kupita kumene akusowa.

Atsogoleri a mayiko a SADC anaziona kale zimenezi. Mu 1995 anakhazikitsa msika wa magetsi wa Southern African Power Pool, umene likulu lake lili ku Harare. Kumeneko makampani a magetsi a mayiko a m'chigawo chino amagulitsana magetsi, ena pa mgwirizano wa zaka, ena lero kugula a mawa. M'chaka choipa chija Zambia inapumirako pogula magetsi ku Mozambique ndi ku South Africa. Malawi ndi membala, koma kwa zaka zambirimbiri tinali membala wopanda nthambo yaikulu yotilumikiza kwa anzathu, wongokhala nawo pa misonkhano. N'chifukwa chake nthambo ya makilomita 218 yochoka ku Matambo m'chigawo cha Tete ku Mozambique kudzafika ku Phombeya m'boma la Balaka, yoyamba ndi kutibweretsera mamegawati 50, ndi nkhani yaikulu kuposa momwe ambiri amaganizira.

Komabe musadzaiyese mpulumutsi. Magetsi a mnzako amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo inu mukukumbukira kuti mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ngongole ya m'madola imakula yokha inu muli m'tulo. Ku Zambia, kuti apeze ndalama zogulira magetsi akunja, anakweza mtengo kwa amene amagwiritsa ntchito magetsi ambiri. Chinanso, damu la Cahora Bassa ku Mozambique, la mamegawati 2,075, lili pa Zambezi yemweyo amene ali ndi Kariba kumtunda, ndipo nalonso madzi ake anatsika kwambiri chilala cha 2024 chitadutsa. Gawo lalikulu la magetsi ake linalonjezedwa kale ku South Africa. Chaka cha njala mwini nkhokwe amayamba waonetsetsa kuti ana ake adya, wogula amabwera pambuyo. Choncho mukadzalowa mu msika umenewu, mudzalowe muli ndi kanthu kogulitsa nanunso. Wobwera kudzangogula amalandira mtengo umene wauzidwa.

Nanga tidzagulitsa chiyani? Apa ndi pamene dzuwa likubwera. Ku Nanjoka m'boma la Salima kuli munda wa sola wa mamegawati 60 umene unayamba ntchito mu 2021. Ku Golomoti m'boma la Dedza kuli wina wa mamegawati 20, ndipo umenewu uli ndi mabatire osunga magetsi. Ubwino wa dzuwa ndi wakuti limawala kwambiri chaka chimene mvula yakana. Kuipa kwake mukukudziwa: limalowa nthawi imene anthu aweruka kuntchito, ayatsa nyale, ateleka mapoto ndi kutsegula wailesi za kanema, nthawi imene magetsi amafunika koposa. Ndiye musamakangane kuti chabwino n'chiti pakati pa madzi ndi dzuwa. Masana dzuwa ligwire ntchito, madzi asungike. Madzulo zitseko zitseguke, makina a m'madzi anyamule katundu. Damu limene akukonza kumanga pa Mpatamanga, pakati pa Tedzani ndi Kapichira, la mamegawati oposa 350, analiganizira motero, kuti lizisunga madzi masana n'kuwamasula nthawi ya madzulo. Ine ndimalifunira zabwino, ngakhale mtima wanga umadandaula kuti tikuonjezeranso katundu pa Shire yemwe uja. Ndipo pomanga madamu mudzakumbukire Atonga a m'chigwa cha Zambezi, anthu pafupifupi 57,000 amene anasamutsidwa pomanga Kariba m'zaka za m'ma 1950, ambiri n'kukhala zaka zochuluka osaona nyale ya magetsi m'nyumba zawo. Wosamutsidwa alipidwe mokwanira, ndipo mudzi wake ukhale woyamba kulumikizidwa.

Za malonjezo a nyengo, ndikupemphani chinthu chimodzi: muziwerenga mpaka kumapeto. Potsatira mgwirizano wa ku Paris wa 2015, dziko lathu linalonjeza mu 2021 kuti pofika 2040 lidzachepetsa mpweya woononga nyengo ndi 51 peresenti poyerekeza ndi momwe ukanachulukira tikanangolekerera. Pa misonkhano amaombera m'manja nambala imeneyi. Koma mkati mwake, 6 peresenti yokha ndiyo tinati tidzachita ndi chuma chathu. 45 yotsalayo ikudikira thandizo lakunja. Sindikunena kuti n'kulakwa. Mpweya umene Malawi amatulutsa ndi wochepetsetsa padziko lapansi, ndipo amene anaipitsa mlengalenga ndi mafakitale awo ayenera kulipira. Koma musadzamange tsogolo la ana anu pa ndalama imene ili m'thumba la munthu wina. Maboma akunja amasintha, ndipo thandizo limatha kuyima mwezi umodzi popanda kutsanzika.

Ena adzakuuzani kuti tingowotcha malasha basi, monga Zambia ikuchitira ku Maamba. Musawanyoze, pakuti amene wagona mumdima chaka chonse salankhula zopusa. Koma akumbutseni za Kam'mwamba m'boma la Neno, kumene kunalonjezedwa malo opangira magetsi a malasha a mamegawati 300 amene sanaoneke. Mu 2021 dziko la China, limene linkayembekezeka kupereka ngongole ya ntchito zotere, linalengeza kuti lasiya kumanga malo atsopano a malasha kunja kwa dziko lake. Wobwereketsa ndalama ya malasha akusowa, pamene mtengo wa sola ndi mabatire wakhala ukutsika chaka ndi chaka.

Ndafika pa nkhani imene ophunzira ambiri amailumpha chifukwa imadetsa m'manja. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba 11 zokha pa 100 zilizonse ndizo zinkaunikira magetsi, ndipo nyumba zoposa 90 pa 100 zinkaphikira nkhuni kapena makala. Mphamvu yeniyeni imene dziko lino likuyendera ili pa mafuwa ndi pa mbaula. Taimani m'mbali mwa msewu wa Zalewa mbandakucha muwerenge njinga zolemedwa ndi matumba a makala zolowera ku Blantyre. Mitengo imeneyo yadulidwa m'mapiri a Neno, Mwanza ndi Balaka, amene madzi ake amatsikira mu Shire. Phiri likakhala lambee, mvula imakokolola dothi n'kukalitaya m'madamu a pa Shire. Damu likadzaza matope, magetsi amachepa. Magetsi akathima, ngakhale wa m'tauni amene ali ndi chitofu cha magetsi amatuma mwana kukagula makala. Makala akafunika, mitengo ina imagwa. Onjezerani namasupuni amene amatsekereza madzi ku Liwonde, muona kuti EGENCO imathera ndalama zambiri pochotsa matope ndi zinyalala zimene tinatumiza tokha.

Wootcha makala musamuone ngati mdani. Lamulo la zankhalango analikhwimitsa mu 2020, koma munthu amene alibe feteleza ndi fizi ya mwana saopa chindapusa kuposa njala. Wogula makalawo ndi ife a m'tauni. Mukafuna kuti mapiri apume, gasi wophikira atsike mtengo ndipo azipezeka pafupi, makala a mitengo yodzala mwadala akhale ndi chilolezo chosavuta kupeza, mbaula zosatha nkhuni monga chitetezo mbaula zifike m'mudzi uliwonse, ndipo magetsi asamathime nthawi yophika. Midzi yakutali isadikire mapolo ochoka ku Nkula: anthu a ku Bondo m'boma la Mulanje akuunikira magetsi a mtsinje wa Lichenya, ndipo a ku Sitolo m'boma la Mchinji ali ndi awo a dzuwa.

Kwa inu amene simudzakhala m'maofesi, ntchito ilipo yambiri. Phunzirani kulumikiza sola moyenera, kuyeza batire, kukonza pampu ya mthirira yoyendera dzuwa. M'misika mwadzaza mapanelo ndi mabatire achinyengo amene amafa mvula isanagwe kawiri, ndipo mayi wa kumudzi akapusitsidwa kamodzi amabwerera ku koloboyi osafunanso kumva za sola. Mmisiri wokhulupirika mmodzi pa msika amasintha maganizo a midzi khumi. Mukaona wina akukhetsa mafuta a thiransifoma kapena kudula nthambo kuti akagulitse, musamubise poti ndi mwana wa achimwene; chipatala chimene chidzakhale mumdima n'chimene adzagonekedwe mayi anu.

Ndipo inu a zamalamulo ndi zachuma, mapangano ogula magetsi kwa makampani oyima paokha kawirikawiri amatenga zaka 20 kapena kuposa, mtengo wake n'kumawerengedwa m'madola. Amene akusaina lero adzakhala atapuma, olipira mudzakhala inu. MERA ikaitana anthu kudzapereka maganizo pa mitengo yatsopano ya magetsi, pitani mukakhale kutsogolo. Kafunseni kuti mtengowo udzasintha bwanji kwacha ikagwanso, ndani adzalipire ngati magetsi apangidwa koma nthambo za ESCOM zalephera kuwanyamula, ndiponso kuti mabatire akadzatha mphamvu adzatayidwa kuti ndipo pa ndalama ya yani.