ZA LAMULO NDI ULEMU M'MASEWERA A KIRIKETI

Akuru amene akhala pa bwalo la milandu adziwa funso ili: kodi munthu amene sanalakwire lamulo, tinene kuti wacita bwino? Kawiri kawiri mlandu utha, mfumu itaweruza molunjika, koma anthu abalalika alinkung'ung'udza, nati, Inde lamulo lamlola, koma munthu satero. Funso lomweli lasautsa anthu a ku England ndi a ku Australia zaka zambiri, si pa nkhani ya munda kapena ya ng'ombe iai, koma pa masewera a mpira ochedwa kiriketi. Tiyesa kuti kulingalira makani ao sikutaya nthawi, pakuti mitima yokangana kumeneko siisiyana ndi yathu.

Poyamba tifotokoze pang'ono masewerawo. Mbali iri yonse iri ndi anthu 11. Pakati pa bwalo azika timitengo titatu uku ndi titatu uko, nalemba mzera patsogolo pa timitengoto. Wina aponya mpira wolimba wacikopa kuti agwetse timitengo. Wina aima pamzera ndi cibonga cophwatalala, kuteteza timitengo ndi kumenya mpirawo. Akaumenya patali, iye ndi mnzace athamanga kusinthana malo, ndipo ulendo uli wonse uwerengedwa. A maulendo ambiri ndiwo apambana. Womenya aturutsidwa timitengo tace tikagwa, kapena mpira umene waumenya ukawakhidwa usanagwe pansi, kapena adani akagwetsa timitengo iye ali kunja kwa mzera. Masewera akuru a pakati pa maiko achedwa Test, ndipo akhoza kufika masiku 5. Pa masiku otere munthu sangathe kubisa khalidwe lace.

Pa 2 Julayi 2023, pa bwalo la Lord's mu London, a England analinkusewera ndi a Australia, tsiku lacisanu. Jonny Bairstow wa England anali pamzera. Cameron Green anaponya mpira wodumpha pamwamba. Bairstow anawerama, mpira nupitirira, nufika m'manja mwa Alex Carey, mlonda wa kumbuyo kwa timitengo. Bairstow, poyesa kuti mpirawo watha nchito yace, anacoka pamzera kunka kwa mnzace. Koma Carey anali atauponya kale osazengereza, ndipo unagwetsa timitengo. Woweruza anapenya zithunzi za kanema, namturutsa Bairstow monga mwa lamulo. Pomwepo bwalo linadzala phokoso. Anthu anakuwiza a Australia kuti ndiwo onyenga. Ndipo osewera polowa m'nyumba kukadya, ena a bungwe la MCC, ndilo bungwe losunga malamulo a masewerawa, anawanyoza pamaso, kotero kuti atatu a iwo anaimitsidwa. Ben Stokes, kapitao wa England, anafikitsa maulendo 155, alinkumenya ngati munthu wopsya mtima, koma a Australia anapambana ndi maulendo 43. Pambuyo pace Stokes anati iye sakadafuna kupambana mwa njira yotere. Pat Cummins, kapitao wa Australia, anati anyamata ace sanalakwe kanthu. Ndipo ngakhale nduna zazikuru za maiko awiriwo, Rishi Sunak ndi Anthony Albanese, zinaikapo mlomo, yense kumbali ya kwao.

Yense kumbali ya kwao! Apa ndipo tiyamba kukaika. Munthu amene analowa m'malo mwa Bairstow tsiku lija, namdzudzula Carey kolimba, ndiye Stuart Broad. Koma m'caka ca 2013, pa bwalo la Trent Bridge, Broad yemweyo anakhudza mpira ndi cibonga cace, mpira nuwakhidwa anthu onse alinkuona. Woweruza yekha sanaone, ndipo Broad anaima cete osacoka, naonjeza maulendo ace; a England anapambana ndi maulendo 14 okha. Nthawi imeneyo olira za ulemu anali a Australia, ndipo Angerezi ndiwo anayankha kuti lamulo silikakamiza munthu kudziturutsa yekha. Ndiponso Brendon McCullum, mphunzitsi wa England mu 2023, anacita zonga za Carey mu 2006 ku Christchurch, posewera ku mbali ya New Zealand: anamturutsa Muttiah Muralitharan wa Sri Lanka, amene anacoka pamzera kukathokoza mnzace wofikitsa maulendo 100. Zoona, McCullum anapepesa poyera patapita zaka 10, ndipo timlemekeza pa ici. Koma ciri coonekeratu kuti anthu akumbuka ulemu tsiku limene lamulo lawaluma, nakumbuka lamulo tsiku limene lawadyetsa.

Cifukwa cace ena anena, Tileke nkhani ya ulemu, pakuti iri ngati nsaru imene yense aikokera kwace; tigwire lamulo lokha, lolembedwa, lofanana kwa onse. Mau awa ali nayo mphamvu. Mu 1947 ku Sydney, Vinoo Mankad wa India anamturutsa Bill Brown, amene ankacoka pamzera mpira usanaponyedwe, kuti afupikitse ulendo wace. Wakuba mtunda anali Brown, koma dzina la Mankad ndilo linamamatira ku mcitidwewo ngati citonzo zaka zambirimbiri, ngakhale Don Bradman, kapitao wa Brown, ananena kuti Mankad sanalakwe. Kufikira 2022 ndipo a MCC anacotsa mcitidwewo pa mutu wa zosalungama m'buku la malamulo. Tsono cimene anthu acicha ulemu nthawi zina ndi cizolowezi cabe ca iwo amene ali ndi mau akuru.

Koma sitingathe kuima pamenepo, cifukwa ca zimene zinacitika ku Australia mu 1932 ndi 1933.

Bradman uja anali womenya woposa onse. Mu 1930 anafikitsa maulendo 974 pa ma Test 5 ku England, ndipo Angerezi anasowa pomgwira. Tsono Douglas Jardine, kapitao wao, anakonza njira. Analamulira oponya ace aliwiro, makamaka Harold Larwood ndi Bill Voce, kuti aziponya mpira wodumpha molunjika thupi la womenya, naunjika anthu ace pafupi, ku mbali ya miyendo ya womenyayo. Womenya anatsala ndi zosankha zowawa: alole mpira umtibule nthiti, kapena adziteteze ndi cibonga, mpira nugwera m'manja mwa odikirawo. Kumbukirani kuti masiku amenewo panalibe zisoti zolimba zimene osewera abvala lero. Njirayo inachedwa bodyline, ndipo panalibe lamulo ndi limodzi lomwe loiletsa.

Ku Adelaide, mu Januwale 1933, mpira wa Larwood unagunda Bill Woodfull, kapitao wa Australia, pamwamba pa mtima, ndipo anapepesuka atagwira cifuwa. Atangoimanso, Jardine anasuntha anthu ace kuwaika monga mwa njira ija, pamaso pa khamu loposa 50,000. Patapita masiku awiri Bert Oldfield anagundidwa kumutu, cigaza nicing'aluka. Koma tinene zoona, mpira umenewo sunali wa bodyline, ndipo Oldfield mwini anati kulakwa kunali kwace. Mkwiyo wa khamu unakula kotero kuti apolisi anaima okonzeka. Akuru a masewera a ku Australia anatumiza lamya ku London, kunena kuti kuponya kotere sikuyenera osewera aulemu, ndi kuti kudzaononga ubwenzi wa maiko awiri. A MCC anawawidwa mtima ndi mau amenewo koposa ndi mikwingwirima ya anthu, nati ngati kuli tero masewera alekeke; ndipo a Australia anabweza mau ao. A England anapambana ma Test 4, a Australia imodzi. Bradman anapeza maulendo 396 okha pa ma Test 4.

Nanga wonena kuti lamulo lokha likwanira adzati ciani apa? Jardine sanalakwire lamulo. Koma Woodfull anauza Pelham Warner, woyang'anira ulendo wa Angerezi, kuti pabwalopo panali magulu awiri, ndipo limodzi lokha ndilo linkasewera kiriketi. Ndipo anakana kubwezera mwa njira yomweyo, ngakhale ena anamuumiriza. A MCC omwe, ataona kuponya kumeneku ndi maso ao ku England, anasintha malamulo mu 1935, napatsa oweruza mphamvu ya kuletsa woponya wolinga thupi la mnzace. Lamulo linadza m'mbuyo, kutsata cimene mitima ya anthu inadziwa kale. Cikadakhala kuti palibe muyeso wina woposa lamulo, palibe akadadziwa kuti lamulolo lifunika kukonza.

Cotero muyeso ulipo. Cobvuta ndi kuugwira bwino, osaucha dzina limodzi pa zinthu zosiyana. Kubisa ndiko kumene sikufuna makani. Mu 2018 ku Cape Town, Cameron Bancroft wa Australia anaoneka alinkupala mpira ndi sandipepa, nayesa kumbisa m'buluku lace. Iye analetsedwa kusewera miyezi 9, ndipo Steve Smith ndi David Warner caka cathunthu. Palibe anatsutsa kuti cinali cinyengo, pakuti dzanja lothamangira kubisa ladziweruza lokha. Za Jardine zinacitika poyera, koma zinasandutsa mpikisano wa luso kukhala wa kuopsya thupi la munthu. Nanga Carey? Sanabise kanthu, sanapweteke munthu, sanayembekeze mocenjera kuti Bairstow ayambe wacoka. Anatola cimene mnzace anagwetsa mwa kusasamala. Ife tiyesa kuti sanalakwe.

Koma kusalakwa sindiko kucita koposa. Mbuzi ya mnansi wanu ikadya cimanga m'munda mwanu, bwalo likupatsani mphamvu ya kulipitsa. Mukalandira malipowo simuli wakuba. Mukamkhululukira mwacita cokoma, ndipo mudzi udzakumbuka. Koma mwini mbuzi sangathe kudza pakhomo panu ndi ukali, kuti, Bwanji simunandikhululukire? Cifundo cipatsidwa, sicilandidwa. Cummins akadatha kumuitananso Bairstow, ndipo tikadamtama. Koma khamu la pa Lord's linafuna mphatso ngati mangawa, ndipo apo ndipo linasokera.

Mphatso yotere inaperekedwapo. Mu 2011 pa Trent Bridge, Ian Bell wa England, ali ndi maulendo 137, anacoka pamzera poyesa kuti nthawi yopuma yakwana, ndipo a India anamturutsa monga mwa lamulo. Popuma paja MS Dhoni, kapitao wa India, anabweza mlanduwo. Bell anabwerera, nafika 159. Cokhaco cotidetsa nkhawa ndi cakuti akuru a England ndiwo anapita kukagogoda pa citseko ca a India kukapempha. Mphatso yopemphedwa icepa kukoma, ngakhale wopatsa sacepa ulemu. Koma ya Gundappa Viswanath ndi ya mtundu wina, ndipo ife tiiyesa yoposa. Mu Febuluwale 1980 ku Bombay, woweruza anamturutsa Bob Taylor wa England, kuti wakhudza mpira umene unawakhidwa. Viswanath, kapitao wa India, anali pafupi, nakhulupira kuti Taylor sanaukhudze, napempha woweruza abweze mau ace. Taylor ndi Ian Botham anaunjika pamodzi maulendo 171, ndipo a India anagonja. Iyi siinali mphatso iai, koma mangawa a coonadi: anakana kudya cimene anadziwa kuti sicace. Ndipo poyesa ndi muyeso umenewu, kuima cete kwa Broad kutibvuta ife koposa kuponya kwa Carey, ngakhale osewera ambiri anena kuti kuweruza ndi nchito ya woweruza, ndi kuti tsiku lina woweruza yemweyo adzakuturutsa usanalakwe. Kuli tero ndithu. Koma kulakwa kwa woweruza mawa sikufafaniza cimene munthu adziwa mumtima mwace lero.

Tinenepo kanthu za openyerera, pakuti makani onsewa akhala m'kamwa mwao. Adandaula kuti ulemu watha, koma masewera amene awakumbuka ndi kuwasimba ndiwo a ndeu omwewo. Masiku ambiri a kiriketi apita mwamtendere, naiwalika. Za Adelaide zisimbidwabe patapita zaka zoposa 90. Wopenyerera afuna gulu lace lipambane, afunanso likhale loyera, afunanso pakhale mdani womuda; ndipo pa zitatuzi iye salipira kanthu. Kucita ulemu ndi maulendo a mwini nkosabvuta uli pampando. Viswanath analipira ndi kugonja kwa dziko lace, pamaso pa anthu a kwao.

Ndipo wolipira koposa pa nkhani ya bodyline sanali Jardine, mwana wa banja lolemera, wophunzira ku Oxford, amene anatsogoleranso England pambuyo pace. Anali Larwood, amene analowa mu mgodi wa malasha ku Nottinghamshire ali ndi zaka 14, naturukamo cifukwa ca mkono wace. Pa ma Test a ulendo uja anaturutsa omenya 33, ndipo kwao anamtama ngati ngwazi. Koma mphepo itatembenuka, akuru anafuna kukonza ubwenzi ndi Australia, namuuza kuti apepese. Iye anakana, nati anacita cimene kapitao wace anamlamulira. Ndipo sanasewerenso Test ndi imodzi yomwe. Mu 1950 anasamuka ndi banja lace, molimbikitsidwa ndi Jack Fingleton, mmodzi wa omenya aja amene anawaumbudza ndi mpira. Anasamukira ku Australia komweko. Anthu amene anamkuwiza kale anamlandira bwino, nakhala ku Sydney kufikira imfa yace mu 1995.