Ngongole ya Kabokosi Koyera

Kodi khonsolo ya mzinda ili ndi mphamvu yondiuza ine chimene ndiikemo chakudya chomwe ndagula ndi ndalama zanga? Funsoli lingaoneke lochepa, losayenera kuthera nalo inki, komatu mzinda wa New York unakhala nalo m'makhoti zaka zingapo. Tiyeni tiliunike pamodzi, anzanga, pakuti pansi pake pabisala nkhani yakalekale ya malire a ufulu wa munthu.

Chimene ankalimbirana ndi timabokosi toyera tija timene amatiikiramo mpunga kapena tchipisi tikagula chakudya chokadyera kwina, pamodzi ndi makapu ake opepuka aja. Timapangidwa ndi pulasitiki wotchedwa polystyrene, wochokera ku mafuta okumbidwa pansi, ndipo amamufufumitsa mpaka gawo loposa 90 pa 100 likhale mpweya wokhawokha. N'chifukwa chake n'totsika mtengo, ndiponso chakudya sichizizira msanga m'menemo. Koma kupepuka komweko ndiko tsoka lake. Mphepo imatiulutsa, madzi amatikokolola kukatisiya m'ngalande ndi m'mitsinje, ndipo sitiola ayi. Timangonyenyeka tizidutswa timene mbalame ndi nsomba zimameza poyesa chakudya. Kutisungunula kuti apangirenso zinthu zina n'kovuta, chifukwa timakhala tonona ndi mafuta a ndiwo, ndipo lole yodzaza nato imakhala yangosenza mpweya.

Mzinda wa Berkeley, ku California, unavomereza lamulo lotiletsa mu 1988, ndipo ku Portland chiletso chinayamba mu 1990. Ku New York khonsolo inapanga lamulo lake mu Disembala 1913 ayi, koma zaka 100 pambuyo pake, mu Disembala 2013, mochedwa ndithu poyerekeza ndi anzawo. Chiletso chinayamba mu Julayi 2015, koma mu Sepitembala woweruza Margaret Chan anachithetsa, eni malesitilanti ena ndi kampani ya Dart Container atadandaula kuti njira yotikonzanso ilipo. Akuluakulu a mzinda anafufuzanso, ndipo mu 2017 anabwereza mawu awo akuti njirayo siingatheke. Khoti linawavomera mu 2018, chiletso n'kuyambanso pa 1 Januwale 2019. Mu 2019 wogwidwa koyamba ankalipira $250.

Otsutsa malamulo otere ali ndi mfundo yosati n'kuinyoza. Iwo amati kabokosi kalibe miyendo. Wolakwa ndi munthu amene wakataya pamsewu. Langani iyeyo, musalange wogulitsa ndi wogula amene sanachimwe. Munthu akabaya mnzake, kodi timazenga mlandu wosula mipeni?

Ine ndikuona kuti fanizoli likutsimphina. Mpeni ukakhala m'manja mwa munthu wabwino suvulaza aliyense. Kabokosi aka, ngakhale mukaponye bwinobwino m'bini, kakathera kudzala, ndipo kadzakhala kali komweko inu ndi ine titaiwalika. Vuto lake lili m'kapangidwe kake, mwakuti ngakhale munthu wosamala amasiya chipsera.

Tsono tifunse chifukwa chake kabokosika n'kotsika mtengo. Yankho langa ndi lakuti wogula salipira mtengo wake wonse. Amalipira pang'ono pakauntala, yotsalayo n'kukhala ngongole. Amabweza ngongoleyo ndi wosesa m'misewu, ndi mayi amene madzi alowa m'nyumba mwake chifukwa ngalande yatsekeka, ndi msodzi, ndi mwana amene sanabadwe n'komwe. Onsewa sanadyeko chakudya chija, ndipo palibe anawafunsa. Akulu amati walira mvula walira matope, koma pano wina ndiye akulira mvula, matope n'kumathira mnzake. Ufulu wotere, wodya ine n'kulipira wina, ine sindiutcha ufulu. Ndi kudyera mnzako masuku pamutu.

Zimenezi si zachilendo kwa ife. Kumudzi saloleza kuchapira zovala pakamwa pa chitsime, ngakhale sopo ndi zovalazo zili zako. Nyakwawa ikakudzudzula palibe amene amati yakupondereza, chifukwa aliyense akudziwa kuti madziwo timwa tonse. Khonsolo ya mzinda ndiyo nyakwawa ya ngalande ndi misewu. Ndiyo imalipira osesa, ndiyo imadziwa pamene pamatsekeka mvula ikagwa. Wosenza katundu ndiye ayenera kunena kuti walemera.

Komabe lamulo likhoza kukhala ndi cholinga chabwino n'kuchita nkhanza. Zotengera za pepala zimakhala zokwererapo mtengo. Kampani ya malesitilanti ambiri siingamve kuwawa, koma wogulitsa chakudya pangolo m'mbali mwa msewu, amene phindu lake n'lochepa kale, angagwe nazo. Tikachotsa ngongole pamutu pa wosesa n'kuisenzetsa wosauka mnzake, ndiye kuti chilungamo sitinachite, tangosintha wolira. A ku New York anaiona mfundoyi: analola kuti mabizinesi ang'onoang'ono, opeza ndalama zosafika $500,000 pachaka, apemphe kukhululukidwa ngati zotengera zina zingawasaukitse, ndiponso anapereka miyezi 6 asanayambe kulipiritsa anthu.

Kotero ndikuti khonsolo ili nayo mphamvuyo, malinga ikwaniritse zinthu ziwiri: ionetse poyera kuti chinthucho chikuvutitsa anthu amene sanachisankhe, ndipo isasiye wofooka akupsa yekha ndi lamulolo. Ikatero sindinganene kuti yandilanda ufulu. Yangondibweretsera ngongole yanga imene ena akhala akundilipirira mwakachetechete, ndipo munthu waulemu sakana ngongole yake.