Makina ofufuzira golide ukayesere pa katondo

Mdzukulu wanga, khala pansi apa. Ndamva kuti ukufuna kugulitsa mbuzi zako zonse kuti ugule ditekita, chifukwa anzako ochokera ku Makanjira akukusimbira za golide. Sindikukuletsa. Koma umve kaye zimene ogulitsa amabisa.

Wogulitsa amatenga ndalama yachitsulo n'kuidutsitsa m'malere kutsogolo kwa chimbale cha makina, makinawo n'kulira ndalamayo ikadali patali. Iwe mtima dyokodyoko. Koma m'malere mulibe chosokoneza. Katondo wathuyu, kufiira kwake konseku ndi chitsulo chochita dzimbiri. Mchenga wakuda uja umatsalira pansi pa beseni posefa, umene umamatira ku maginito, nawonso ndi chitsulo. Makina akafika pamenepo amangolira paliponse, ndipo kamawu ka golide kamamira m'phokosolo.

Makina ambiri otsika mtengo ndi a mtundu wa VLF. Pa mchenga woyera amamva bwino, amathanso kusiyanitsa msomali ndi mphete. Pa katondo umayenera kuwachuna kuti azolowere nthakayo, chimene amati ground balance, ndipo nthawi zina umatsitsa mphamvu kuti akhale chete. Ukatsitsa, kuzama nakonso kwachepa. Mtundu wina ndi wa PI. Awa amaponya mphamvu pansi n'kudikira kanthawi, phokoso la nthaka lizilale kaye, kenako n'kumvetsera chitsulo chenichenicho. N'chifukwa chake amawakonda ku Australia, kumene nthaka ndi yofiira kwambiri, kwawo kwa kampani ya Minelab. Koma ndi odula, olemera, ndipo adzakukumbitsa misomali ndi zidutswa za makasu tsiku lonse.

Chimbale chachikulu chimafika patali ngati chitsulocho n'chachikulu, koma tizidutswa ting'onoting'ono chimatidumpha. Pamenepa mpamene pandidetsa nkhawa. Golide wa m'mitsinje nthawi zambiri amakhala fumbi, ndipo fumbi ditekita siilimva ngakhale pang'ono. Beseni limaposa makina pamenepo.

Wina akakuuza kuti makina ake amaona golide mamita 10 pansi, utsanzike. Mu 1980, ku Victoria m'dziko la Australia lomwelo, Kevin Hillier anapeza ndi ditekita chibulumwa cha golide cha makilogalamu 27, chija anachitcha Hand of Faith. Chinali pafupifupi masentimita 30 okha pansi. Kachidutswa konga njere ya mpunga ndiye kamamveka pamwambamwamba basi.

Safunsa anadya phula. Tenga timtovu tija asodzi amamangirira ku mbedza, poti mtovu umalira pa makina mofanana ndi golide. Ukakwirire pa nthaka imene ukufuna kukagwirapo ntchito, kena masentimita 5, kena 10, kena 20. Wogulitsayo abwere ndi makina ake akayesere pomwepo, iwe ukuona. Akakana, wadziwa. Uyang'anenso bwino, chifukwa makina achinyengo olembedwa mayina a makampani otchuka alipo ambiri pamsika.

Ukagula, usakumbe ngati mbava. Miyala ya m'nthaka ili ndi lamulo lake, pamafunika chiphaso cha boma. Ukaonekere kwa amfumu ndi mwini munda, ndipo dzenje lililonse ukwirire, mungagwere mwana kapena ng'ombe ya munthu. Mbuzi ziwiri zazikazi zija uzisiye m'khola, mdzukulu wanga, usazigulitse.